Nkhanu, Mlonda wa Biyo

Amene anandipasulira banja ndi Nkhanu wa pa mtsinje wa Liwemba, ndipo anachita zimenezi chaka chija anthu anadya mizu ya nthochi podikira mvula. Ena akamayamba nthano amafuna kuti muziwayankha kuti muli nawo limodzi. Ine musandiyankhe. Pa nkhani iyi ndinatsala ndekha.

Dzina langa ndine Bauleni, chiwongo changa Mbewe. Nthawi imeneyo ndinali mkamwini kwawo kwa mkazi wanga Nangondo, ndipo nyama za m'madzi zinali zisanaleke kulankhula ndi anthu. Munda umene anandipatsa akuchikazi unapsa ndi dzuwa. Nkhokwe inali pululu. Tsiku lina alamu anga a Dzimbiri, mlongo wake wa mkazi wanga, amene anali mwini mbumba, anandiitanira kuseri kwa khola.

"Alamu, khasu lakukanani, taona tonse. Paja mumati ndinu katswiri wa miono. Mvula ikagwa nsomba zikwera. Ana a mlongo wanga akapanda kudya nsomba zanu chaka chino, mphasa yanu mudzaipeza panja."

Ndinangochokapo. Mkamwini sayankha.

Kwa inu amene simudziwa za mtsinje, zimayenda chonchi. Mvula yoyamba ikagwa madzi amafiira, ndipo nsomba zimachoka m'maiwe akuya a kumunsi n'kuyamba kukwera kukaswana mu udzu wa m'madambo. Imatsogola ndi milamba, kenaka ningwi, matemba pambuyo ngati ana otsatira ng'oma. Sizichedwa. Madzi akangoyamba kuyera, mwayi wapita mpaka chaka china. Ndiye anthu amadula mtsinje ndi biyo, mpanda wa mitengo ndi bango, n'kusiya mipata. Pa mpata uliwonse amatcherapo mono, khomo lake kuyang'ana kumunsi kumene nsomba zikuchokera. Nsomba ikagunda mpanda imautsata kufunafuna polowera. Ikapeza khomo la mono imalowa, koma kutuluka ayi.

Biyo samanga munthu mmodzi. Ndinapangana ndi Ng'ona ndi Katumbu. Ng'ona anazika mitengo pakati pa mtsinje pamene ine sindikanatha kuima. Katumbu ankamira n'kumamanga bango pansi. Ine ndinaluka miono itatu, yofanana ngati mazira a nkhuku imodzi, aliyense wake.

Pa Liwemba panali mwambo umene tinaupeza. Mono wa mnzako susuzumiramo, kuyandikira komwe suyandikira. Aliyense amaonjola wake payekha. Ndiponso sufunsa mnzako kuti, "Mwapha?" Akuluakulu ankati funso limenelo limatseka mono. Mukakumana umangoti, "Madzi ali bwanji?" Mnzako amayankha kuti, "Akuyenda," kaya wapha dengu lodzaza, kaya sanaphe ngakhale katemba kamodzi.

Tikumaliza kumanga, tinamva mawu.

"Odi, eni biyo!"

Tinayang'ana uku ndi uku, osaona munthu.

"Pansi pano, akuluakulu."

Anali Nkhanu, maso ali tong'o.

"Ndabwera kudzapempha mpata wachinayi," anatero. "Waung'ono chabe, wa matemba. Ana anga akudya matope."

Ng'ona anaseka mpaka madzi anagwedezeka. "Mpata? Iwe? Wazikapo mtengo uti apa?"

"Sindinazike, agogo, koma kulondera ndingathe. Madzi amakumba mchenga pansi pa mpanda, nsomba n'kumadutsira pamenepo. Inu simungaone, ndinu aakulu. Ine ndimagona komweko."

"Pamenepo akunena zoona," anatero Katumbu. "Londera. Malipiro ako akhala mamba."

"Mamba, achimwene?"

"Mamba. Ndi matumbo, ngati a Mbewe atakumbukira kukusiyira."

Ine ndinaonjezera. "Koma dziwa kuti mlamba ulibe mamba. Tsiku la milamba uzisala kudya."

Tinaseka tonse atatu. Nkhanu anawomba m'manja mwaulemu, nati, "Zikomo, akuluakulu, zikomo kwambiri." Palibe mwa ife amene anaganiza kuti tapatsa kanthu kameneka ufulu woyenda mpanda wonse, mono ndi mono, pamene ife eni ake tinalibe ufulu wotero.

Mvula inagwa. Madzi anafiira. Ndinaima pagombe n'kuona mtsinje ukuchita kuwira ndi misana ya milamba. M'mawa mwake ndinavuula mono wanga, mtima uli m'mwamba. Munali matemba awiri ndi chule. Mawa lake munali chule yekha.

Chimene chinkachitika n'chakuti mono umamangidwa kumchira ndi luzi, ndipo n'kumene mwini wake amamasula potulutsa nsomba. Nkhanu ankamasula miono yonse itatu ndi zala zake zopanira zija, nsomba n'kumangodutsa, kenaka n'kumanganso ife tisanafike. Izi, ndi zonse zimene ananena kwa anzanga, ndinazimva pambuyo pake kuchokera pakamwa pa eni ake.

Anayamba ndi Ng'ona. Ng'ona atavuula mono wake n'kupezamo kamlamba kamodzi kowonda, anamva wina akutsokomola pansi pa bango.

"Sindinaone kanthu, agogo."

"Choka apa!"

"Ndikuchoka. Ndimangoti... ayi, si za ine zimenezo."

"Umati chiyani?"

"A Mbewe akulephera kunyamula zawo. A Katumbu mono wawo ukuchita kufuna kuphulika. Ndiye ndimangodabwa kuti mwini mtsinje weniweni..."

"Miono ndi yofanana!"

"Miono ndi yofanana, agogo. Fungo si lofanana."

Ng'ona anadzinunkhiza.

"Ine ndimakhala pansi, ndimaona," anapitiriza Nkhanu. "Milamba ikafika pa mpata wanu imagwedeza ndevu, kununkhiza, kenaka imapatuka. Imadziwa kuti pagwira agogo apa. Ndi ulemu umenewo, koma ulemu sadya."

"Anzanga akamva zimenezi ndilowera kuti?"

"Amva kwa yani? Inu kagoneni pamchenga apo padzuwa, kukamwa yasa, kuti fungo lituluke lonse, la kunja ndi la m'kati lomwe. Madzi a pabiyo musawakhudze. Mono wanu ndizionjola ine, chimene ndapeza ndizikubweretserani mobisa. Anzanu akakuonani muli gone chonchija, aziti mwakhuta."

Mawu omalizawo ndi amene anamugwira Ng'ona.

Masana amenewo ndinamuona ali pamchenga, kukamwa yasa, maso tsinzi.

"Madzi ali bwanji, a Ng'ona?"

"Akuyenda," anatero, n'kugeya.

Ndinaweramitsa mutu. Ndinati mumtima, mono ndinaluka ndine, wakhuta ndi wina.

Kenaka Nkhanu anapita kwa Katumbu. Bambo wake wa Katumbu anali wakuba wodziwika, wong'amba miono ya anthu, ndipo anafera m'mono wa eni atakanirira mutu. Katumbu sankafuna kumva nkhani imeneyo.

"Achimwene," anatero Nkhanu, "ndili ndi mawu, koma ndikuopa."

"Nena msanga, ndatanganidwa." Katumbu anali atangobisa mono wake wopanda kanthu kumbuyo.

"Dzulo ndinamva a Mbewe ndi a Ng'ona akunong'onezana. Akupha zambiri, inde, koma akuti zina zikusowa. Ndiye a Mbewe anati, 'Make mbuu, mwana mbuu. Bambo ake aja anafera kuti?'"

Katumbu anadzambatuka. "Ine? Ine amene ndamanga mpanda wonsewu mphuno ili m'matope? Ndikawafunsa pompano!"

"Kawafunseni. Akati, 'Wamva bwanji? Wakuba amamva dzina lake ali kutali,' mukayankha chiyani? Ndipo akafuna kuti muwaonetse mono wanu. Akaona kuti mulibe kanthu. Katumbu, mwana wa m'madzi, kulephera nsomba pamene munthu wa kumtunda akupha! Zikamveka kumunsi zimenezi..."

"Wadziwa bwanji kuti mulibe kanthu?"

"Sindinaone, achimwene. Ndangoyerekeza."

Katumbu anakhala pansi. "Ndiye nditani?"

"Khalani kutali ndi biyo. Pitani pa matanthwe apo poonekera, muzisewera, aliyense aziona kuti a Katumbu kumiono safikako. Wanu ndizionjola ine. Dzina lanu liyera, ndipo tsoka lanu silidziwika."

Ndinamuona Katumbu akutsetsereka pa thanthwe, phava m'madzi, kukweranso, phava.

"Madzi ali bwanji, a Katumbu?"

"Akuyenda bwino kwabasi, a Mbewe!" Koma sanandiyang'ane kumaso. Ine ndinati ndi kunyada kwa munthu wokhuta.

Tsopano miono iwiri inali m'manja mwa Nkhanu, ndipo iwiriyo analeka kuimasula. Wanga wokha ndi umene ankaumasulabe. Ndinkabwerera kumudzi chimanjamanja, n'kumadzera kuseri kwa makola kuti anthu asandione. Ana anga ankandithamangira, n'kuima panjira ataona manja anga.

M'mawa wina ndili chiimire m'madzi, mono wopanda kanthu uli m'manja, Nkhanu anakwera pa mtengo wa biyo.

"A Mbewe, mtima wanga ukuwawa. Inu munandilonjeza matumbo, ndinu munthu wabwino. Ndikuuzeni chimene anzanu akukubisirani?"

"Akundibisira chiyani?"

"Chaka chino mvula inayambira kumapiri. Nsomba zinakwera kale, inu musanamalize biyo. Izi zikuyenda panozi zikutsika. Anzanu anatembenuza miono yawo tsiku loyamba lomwe. Makomo awo akuyang'ana kumtunda."

"Bodza! Ndinabadwira pa mtsinje ine. Nsomba imakwera ndi madzi ofiira, mwana aliyense amadziwa."

"Mwina ndi bodza. Ndine kanthu kakang'ono, ndingadziwe chiyani? Pitani mukasuzumire miono yawo."

Ankadziwa kuti sindingapite.

"Kapena kawafunseni."

Ankadziwa kuti sindingafunse.

"Akukusekani, a Mbewe. A Katumbu amati akamatsetsereka paja n'kumati, 'Woluka miono sadziwa kumene mono uyang'ana.' A Ng'ona kuyasama kuja mumayesa n'kukhuta kokha? Ndi phwete limenelo."

Ndinayang'ana m'madzi. Ningwi zinalipo, ndikuziona ndi maso anga awa, mitu kumtunda, michira kumunsi, zikukankha madzi. Ndinayang'ana pamchenga, Ng'ona ali gone. Ndinayang'ana pa thanthwe, Katumbu phava. Ndinakhulupirira mimba za anzanga, maso anga ndinawakana. Ndinazula mono wanga n'kuutembenuza, mofulumira, ndikucheuka ngati wakuba.

"Mwachita bwino," anatero Nkhanu. "Tsopano pirirani."

Mono woyang'ana kumtunda umakola zimene madzi atenga: masamba, timitengo, zitsononkho za chimanga. Tsiku lina munali chipewa chong'ambika. Komanso mchira wa mono wanga unatseka mpata wanga, ndiye nsomba zonse zokwera zikagunda pamenepo zinkatsata mpanda n'kukalowa m'miono iwiri ija. Nkhanu sanafunenso kuvutika kumasula luzi. Ntchito yake ndinamugwirira ndine.

Kuti anzanga asadziwe, ndinamanga nsanja yowambira nsomba kuseri kwa chitsamba cha bango, n'kumasonkha moto pansi pake ndi masamba aawisi. Utsi unkakwera tsiku ndi tsiku, woyera, wonenepa. Pansanja panalibe kanthu. Ng'ona akauona ankameza malovu. Katumbu akauona ankatsetsereka mwamphamvu. Zitsiru zitatu, chilichonse chikuonetsa zinzake kuti chakhuta.

Nanga nsombazo Nkhanu ankapita nazo kuti? Iye ndi ana ake ndi adzukulu ake, khamu lonse, ankadya mpaka kutopa. Ng'ona ankamubweretsera kansomba kamodzi patsiku, Katumbu chimodzimodzi, n'kumati, "Fungo likuchepa, agogo," "Dzina likuyera, achimwene." Zotsala ankazikokera padooko pamene amayi a m'mudzi mwathu amatunga madzi, n'kumasinthanitsa ndi gaga ndi mtedza.

Madzulo ena ndinapeza pakhomo pakununkhira ningwi. Apongozi anga anali pakhonde pawo. Mkamwini ndi apongozi salankhulana, ndiye iwo analankhula ndi nkhuku, mokweza.

"Iwe nkhuku, wamva? Nkhanu alibe khasu, alibe ndevu, koma akudyetsa mudzi. Ena ali ndi zala khumi, amangobwera ndi fungo la utsi."

Nangondo anandiikira mutu wa ningwi. Ndinafunsa chapansipansi kuti Nkhanu akuzitenga kuti.

"Akuti amatola zotsala za a Ng'ona ndi a Katumbu, zimene alephera kumaliza."

Ndinadya mutuwo.

Ana atachoka, Nangondo anakhala pafupi nane. Sanakweze mawu, sanali mkazi waphokoso.

"Abambo, utsi wanu tikuuona tonse kuchokera pano. Tsiku ndi tsiku mukuwamba. Nsombazo zikulowa khomo liti?"

"Madzi sanakhazikike."

"Achimwene akuti muli ndi mkazi kutsidya."

"Ayi."

"Ndiye nenani. Ine ndikakuimirani kwa achimwene, koma ndiuzeni choti ndikanene."

Ndikanati chiyani? Kuti mwamuna wako amawamba masamba? Ndinaona kuti kuli bwino andiyese wachigololo kusiyana ndi kundiyesa chitsiru. Iye anatola mbale n'kulowa m'nyumba.

Madzi anayamba kuyera. Miyala ya m'mbali inayamba kuoneka. Masana ena ndinapita kukathyola masamba a moto wanga uja. Pobwerera, masamba ali m'manja, ndinaona udzu ukugwedezeka kumanja kwa nsanja. Anali Ng'ona, akukwawa pang'onopang'ono, njala itamutuma kuti adzabe nsomba zanga. Kumanzere udzu unagwedezekanso. Anali Katumbu, pa ulendo womwewo. Anatulukira nthawi imodzi, nsanja ili pakati pawo.

Anayang'ana pansanja. Anayang'ana pamoto. Anayang'ana masamba amene ndinanyamula.

Ndinawayang'ana nanenso, ndili pafupi tsopano. Khungu la Ng'ona linali lende ngati thumba lopanda chimanga. Katumbu nthiti zinali pamtunda, kumbuyo kwake ubweya utatha ndi thanthwe.

Utsi unkangokwera.

Ng'ona ndiye anayesa. "Madzi ali bwanji, a Mbewe?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe monga mwa masiku onse. Mimba ya Katumbu inalira, tonse tinaimva.

"Akuluakulu andikhululukire," anatero Katumbu, maso ali pansi. "Mwapha?"

"Ayi," ndinatero.

"A Ng'ona, mwapha?"

"Ine... fungo langa..."

"Fungo lanji?"

Pamenepo zonse zinatuluka, mmodzimmodzi, palibe woyang'ana mnzake. Katumbu anandifunsa ngati ndinatchuladi bambo ake. Ndinalumbira kuti ayi. Ng'ona anafunsa ngati amanunkhadi. Kununkha amanunkhadi, koma nsomba zilibe nazo ntchito.

Tinapita ku biyo tonse atatu, mwambo tinausiya pagombe. Miono ya Ng'ona ndi Katumbu inali m'malo mwake, makomo kumunsi, yodzaza ndi nsomba zomalizira za chaka. Kenaka anzanga anafika pa wanga. Katumbu anauyang'ana, n'kundiyang'ana, n'kuuyang'ananso. Sanaseke. Akanaseka bwenzi kuli bwino.

Nkhanu tinamupeza m'kati mwa mono wa Ng'ona, atakhala pa mimba ya ningwi, akudya mazira ake ndi manja awiri. Anali atanenepa mpaka kunyezimira. Katumbu anamugwira asanafike pakhomo.

"Akuluakulu! Mwabwera nonse pamodzi? Nanga mwambo?"

"Ndimutafune," anatero Ng'ona.

"Ndi wanga uyu," anatero Katumbu.

"Ndaba chiyani?" anafunsa Nkhanu. "Agogo anandipatsa mono wawo okha. Achimwene anandipatsa okha. A Mbewe, kodi ndinagwira mono wanu potembenuza? Ine munandilonjeza mamba. Mamba ndatenga, kungoti anali asanachoke pansomba."

Ng'ona anayasama. Ndinalumpha n'kuima pakati.

"Musamuphe! Chonde, anzanga. Inu mwataya nsomba, ine ndikutaya banja. Alamu anga akuti ndikudyetsa mkazi wina. Uyu akanene ndi pakamwa pake pamaso pa mudzi, kenaka mumudye."

Nkhanu anagwetsa maso. "A Mbewe akunena zoona. Ndalakwa. Ndinena zonse, ana awo asavutike chifukwa cha ine. Koma musandinyamule kupita kumudzi. Dzuwa ili ndikafika nditauma, ndipo wakufa sachitira umboni. Ndimangeni pompano m'madzi, pamthunzi wa mpanda, mukaitane alamu anu abwere."

"Uthawa."

"Mangani m'chiuno, molimba. Mfundo yanu ija ya amisiri. Ndani angamasule mfundo ya a Mbewe?"

Ndinam'manga ndi luzi laliwisi, kuzunguliza thupi lonse kangapo, kudutsa pakati pa miyendo, mfundo kumsana kumene zala zake sizikanafika. Mbali inayo ndinamangirira ku mtengo wa biyo. Ndinauza Ng'ona ndi Katumbu kuti asamuchotse maso. Anavomera, koma ndikukwera gombe ndinamva kale kumbuyo kwanga phokoso la kutafuna. Anali atagwera m'miono yodzaza ija.

Ndinathamanga mpaka kumudzi. Ndinapeza a Dzimbiri akusema mpini.

"Alamu, tiyeni kumtsinje. Ndagwira wakuba. Mukamve nokha kumene nsomba zanga zimapita."

Anandiyang'ana, kenaka anaika kasemasema pansi. Nangondo anatsatira, mwana kumsana. Apongozi anatsatira chapatali. Amayi a padooko anasiya mitsuko, abambo anasiya bawo. Pofika kumtsinje mudzi wonse unali kumbuyo kwanga, ndipo ndinayenda chifuwa chili patsogolo koyamba chaka chimenecho.

Luzi linalipo, lili m'madzi momwe ndinalisiyira. Ndinalowa m'madzi, ndinakoka. Nkhanu anatuluka, miyendo yonse ilipo, zala zopanira zilipo, maso ali tong'o, mfundo yanga ili gwa kumsana.

Ndinamukweza m'mwamba kuti onse aone. "Nayu! Iwe Nkhanu, nena. Uza alamu anga chimene unachita."

Chete.

"Nena! Unalonjeza!"

Kamphepo kanaomba, ndipo Nkhanu anazungulira pa luzi ngati tsamba louma. Pamenepo m'pamene dzanja langa linazindikira kuti silikunyamula kanthu.

A Dzimbiri anatambasula dzanja. Anamutenga, anamutembenuza, anasuzumira kumbuyo kumene kunali kong'ambika. Anauziramo mpweya, mukulira ngati mluzu. Kenaka anafinya ndi zala ziwiri, phwanyu.

"Chigoba ichi, alamu."

Nkhanu ikanenepa imafundula, ngati njoka. Imatuluka kumbuyo n'kusiya chigoba chonse chili chilili, ndi maso omwe. Ndinkadziwa zimenezi kuyambira ndili mwana. Ndinkatola zigoba zotere m'mphepete mwa madzi n'kumaopsezera alongo anga. Iye anadya nsomba zathu mpaka nthawi yake yofundula inakwana, ndipo ine ndinamuika pamthunzi, m'madzi ozizira, n'kumugwirira chigoba ndi luzi kuti atuluke bwino.

"Zigoba zili mbwee mumtsinje muno," anatero mayi wina. "Watola chimodzi n'kuchimanga."

"Nkhanu yemweyo watidyetsa mwezi wonse," anatero wina. "Lero akhale wakuba?"

"Ndili ndi mboni!" ndinakuwa. "A Ng'ona! A Katumbu! Bwerani muwauze!"

Ng'ona anali pamchenga paja, mimba tsopano itafufuma zenizeni. Anatsegula diso limodzi. Anaona mudzi wonse, amayi, ana, onse akumuyang'ana, akudikira kuti mwini mtsinje anene kuti anagona padzuwa kukamwa yasa chifukwa kankhanu kanamuuza kuti amanunkha.

"Ine za Nkhanu sindikuzidziwa," anatero. "Mono wanga wakhala ukudzaza." Anageya, n'kutsetserekera m'madzi.

"A Katumbu, chonde!"

Katumbu anapukuta ndevu. Anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinaona kuti zikumupweteka, koma sizinamupweteke kokwanira. "Ine ndimasewera pa matanthwe masiku onsewa. Aliyense anandiona. Kumiono sindimafikako." Anamira.

M'miono iwiri ija munalibe ngakhale mutu wa nsomba woti ndionetse. Mboni zanga zinali zitadya umboni.

A Dzimbiri anapinda nsalu yawo n'kulowa m'madzi, kutsata mpanda mpaka pa mpata wanga. Anaima. Anawerama. Anavuula mono wanga, masamba ndi zitsononkho zikugwa.

"Alamu," anatero mofatsa, "mono uwu mwautchera kuti ukole nsomba zochokera kuphiri?"

Abambo anayamba kuseka, chifukwa ndiwo anamva msanga. Kenaka anafotokozera amayi. Kenaka ana anaseka poona akulu akuseka. Mayi wina anapeza nsanja yanga kuseri kwa bango n'kuitana anzake kuti adzaone masamba owamba. Apongozi anakhala pansi, atagwira mutu. Nangondo yekha sanaseke. Anakoka chitenje n'kuphimba kumaso, natembenuka, nayamba kukwera gombe. Ndipo pakati pa phwete lonselo ndinamva kaphwete kena kakang'ono, kopyapyala, kochokera m'bango kutsidya kwa mtsinje.

Mphasa yanga ndinaipeza panja, khasu lili pamwamba pake. A Dzimbiri anati, "Mukanakhala ndi mkazi kutsidya bwenzi tikukambirana, alamu. Izi zilibe pokambira."

Ndinabwerera kwathu kwa alongo anga. Nkhaniyi inafikako ine ndisanafike. Nangondo anakwatiwa ndi mmisiri wa mabasiketi, ana anga anakulira m'manja mwake. Ng'ona ndi Katumbu anamanga biyo chaka chotsatira ndi munthu wina, ndipo ndimamva kuti ankapha bwino. Palibe mmodzi wa iwo anabwera kudzandipepesa. Ine mono sindinalukenso. Tsopano ndakalamba, mano atha, koma ndikadutsa pamene anyamata akukonza miono, mmodzi amafunsa mnzake mokweza kuti, "Khomo liyang'ane kuti, kodi?"

Za Nkhanu, sanapite nazo patali. Nkhanu yofundula kumene imakhala yofewa ngati phala, imayenera kubisala pansi pa mwala mpaka italimba. Iye anakwera pa bango kuti aone bwino nkhope yanga. Kakowa anam'meza tsiku lomwelo, asanamalize kuseka.